Sungeni ndi Njuchi za M'kabati

"Chitseko ichi chisatsegulidwe mpaka malume ako abwere. Wamva, Sungeni? Usalowemo, usasuzumiremo, usaponyemo kanthu. Njuchi zili m'menemo si ntchito ya mwana."

Anatero a Dzonzi, atate ake a Sungeni, uku akumanga chitsekocho ndi waya. Ine ndinalipo, ana inu. Nyumba yanga ndi yawo zinangolekana ndi mpanda waudzu, ndipo tsikulo ndinali nditapita kukabwereka lichero. Mawu amenewo ndinawamva ndi makutu angawa. Bamboyo sananong'one, sanazungulire. Choncho wina asadzanene kuti mwanayo sanauzidwe. Anauzidwa, ndipo anayankha kuti, "Ndamva, ababa."

Sungeni anali mtsikana wa zaka khumi ndi ziwiri, wanzeru kusukulu, wosachita ulesi pa ntchito zapakhomo. Koma anali ndi makani, ndipo anali ndi mtima woipa pa kanthu kalikonse kokwawa kapena kouluka. Akangoona kachilombo m'nyumba, ankavula patapata n'kukaphwanya, osayamba wayang'ana kuti ndi kachilombo kanji.

Amayi ake, a Nangondo, anali atatopa n'kumuphunzitsa. Ankamuuza kuti udzudzu, nsikidzi, mphemvu ndi ntchentche aziphe ndithu, chifukwa zimabweretsa matenda. "Koma kangaude ali pakonayo musiye," ankatero, "akutidyera udzudzu ameneyo. Bongololo ungomukwezera pa tsache n'kukamutaya kumunda. Ndipo ukaona chinthu chambola, kaya ndi chinkhanira, kaya ndi mavu, usachikhudze. Itana munthu wamkulu."

Mukuganiza kuti ankamva? Tsiku lina ndinamupeza atanyenya chiswamphika pa mphasa, kanthu kosalakwa kamene kanangolowa kuthawa mphepo.

"Iwe, chakulakwira chiyani chimenechi?" ndinamufunsa.

"Chimandiyang'ana," anayankha choncho, uku akupukuta patapata pa khoma.

Chimandiyang'ana! Mlandu wake unali womwewo basi.

Njuchizo zinapezeka motere. Kumapeto kwa nyumba ya a Dzonzi kunali chipinda chosungiramo makasu, matumba akale ndi kabati yothyoka mwendo. Zenera la chipindacho linali losweka, ndipo dzinja lonse panalibe amene analowamo. Atakolola, a Dzonzi anatsegula kuti aikemo matumba a chimanga. Atangolowa anamva phokoso ngati la chigayo chakutali. Atayang'anitsitsa anaona njuchi zikulowa pa zenera n'kumalowera m'kabati kudzera pa mng'alu wa chitseko chake. Anabwerera chafutambuyo mwakachetechete n'kutseka.

Tsiku lomwelo iwo ndi akazi awo anakambirana pakhonde, ndipo kunena zoona, sanagwirizane msanga.

"Bambo a Sungeni, m'nyumba muno muli mwana wamng'ono," anatero a Nangondo. Ankanena Ganizani, mlongo wake wa Sungeni, amene anali atangoyamba kumene kuyenda. "Tingozipopera mankhwala zife. Ine sindingagone tulo ndi zinthu zimenezo."

"Zimenezi si mphemvu, mayi," anayankha a Dzonzi. "Mphemvu ukapha imodzi, zinzake zimathawa. Njuchi ukapha imodzi, zinzake zimakutsata. Komanso zatilakwira chiyani? Zakhala m'menemo dzinja lonse osaluma munthu. Maungu amene mwadzaza pakhondewa, ndani ankayendera maluwa ake?"

"Ndiye tizikhala nazo ngati abale?"

"Iyayi. M'nyumba zichokamo, koma zichoke zamoyo. Alongo anu a Likongwe ali ndi ming'oma kuphiri. Mawa ndipita ndikawaitane, adzazitenge ndi utsi monga amachitira. Ife ntchito yathu ndi imodzi: kutseka chitseko n'kudikira."

A Nangondo anavomera. "Chabwino. Koma mupite m'mamawa."

Sungeni anali chapafupi akusenda mbatata, ndipo anamva zonse. Koma mwana wamakani ali ndi makutu osankha. Pa mawu onsewo, iye anatolapo atatu okha: tingozipopera mankhwala zife.

Kutacha, a Dzonzi anakwera njinga. Asanapalase anamuitananso.

"Sungeni, ndinati chiyani za chitseko chija?"

"Munati chisatsegulidwe, ababa."

"Mpaka liti?"

"Mpaka malume abwere."

Dzuwa litakwera, a Nangondo anasenza chimanga kupita kuchigayo. Ganizani anali atadya phala n'kugona m'chipinda cha makolo ake, chimene pakhomo pake panali katani chabe. Mayiyo anafika pa chipata, n'kutembenuka thumba lili pamutu.

"Mwanayo akadzuka umubereke mupite kwa amake Zione," anatero, kutanthauza kwa ine. "Ndipo kuchipinda kuja usayandikireko. Ndabwereza, usayandikireko."

"Koma amayi, inu nomwe munati tizipopere."

"Ndinatero, ndipo atate ako anandiuza chifukwa chake sitiyenera kutero, ine ndinamva. Iwenso umve."

"Ndamva, amayi."

Sipanapite nthawi yaitali, ine ndikupeta nyemba kuseri kwa mpanda, ndinamva kugwedera kwa chitini. Nditasuzumira ndinaona Sungeni ali pakhonde, akugwedeza chitini cha mankhwala opopera udzudzu pafupi ndi khutu lake, kumvetsera ngati munali mutatsala mankhwala.

"Iwe Sungeni, chitini chimenecho n'chachiyani?"

"Udzudzu, mayi."

"Udzudzu masana ano, kuzizira konseku? Tamvera kuno. Atate ako anati chiyani?"

"Anati ndisatsegule."

"Ndiye usayerekeze. Bwezera chimenecho pamene wachitenga."

"Chabwino, mayi," anayankha mwaulemu, mpaka kupinda mawondo pang'ono, n'kulowa nacho m'nyumba.

Ulemu wabodza umenewo ndi umene umandipsetsa mtima mpaka lero. Atate ake anamuuza. Amayi ake anamuuza. Ine ndinamuuza. Tonse anatiyankha bwinobwino, mtima wake uli kale pa waya uja.

Zimene zinachitika m'katimo anafotokoza yekha pambuyo pake, akulira. Anati ankafuna kuti atate ake pobwera adzapeze njuchi zonse zili mbwee pansi, kuti adzaone kuti panalibe chifukwa chovutikira ulendo wakuphiri. Ankafuna kutamidwa.

Anamasula waya uja pang'onopang'ono. Anakankha chitseko. M'chipindamo munali kamdima, ndipo munkanunkhira uchi ndi phula. Phokoso lija linalipo, lapansipansi, losalekeza, ngati likuchokera m'nthaka. Apa akanatha kubwerera. Sanabwerere.

Anayenda kudutsa makasu. Njuchi imodzi inabwera n'kumugunda pamphumi, osamuluma, kungomugunda n'kubwerera. Inabweranso kachiwiri. Njuchi zimatero pochenjeza, ana inu, zimayamba zakuuza kuti choka. Apanso akanatha kubwerera. Koma Sungeni anavula patapata, anadikira kuti njuchiyo itere pa thumba, n'kuiphwanya.

Phokoso la m'kabati linasintha. Linakwera, linakhala lakuthwa. Njuchi zinayamba kutuluka pa mng'alu, ziwiriziwiri, kenaka zambiri, n'kumazungulira mutu wake. Koma m'malo mothawa n'kutseka chitseko, mwanayo anagwira chitseko cha kabati n'kuchikoka mwamphamvu.

Anati sanaonepo chinthu chotero. Kuyambira pamwamba mpaka pansi munali zisa zolendewera, zonenepa, ndipo zisazo sizinkaoneka n'komwe chifukwa zinali bii ndi njuchi, zikuyenda pamwamba pa zinzake ngati madzi owira. Anatukula chitini n'kukanikiza. Chitinicho chinalira fuuu, chinatsokomola, n'kuti zii. Munali mutatsala timankhwala tochepa, tokwanira kuzikwiyitsa basi.

Kabati yonse inakhuthuka pa iye.

Ine ndinangomva mkuwe umene sindidzauiwala. "Mayo! Mayo ine! Ndafa!" Nditaimirira ndinaona Sungeni akutuluka m'nyumba akuthamanga, manja akupupuluza kumutu, kumbuyo kwake kukubwera chimtambo chakuda. Chitseko cha chipinda chija anachisiya chotsegula. Chitseko chakunja anachisiya chotsegula. Njuchi zina zinamutsata, zina zinadzaza pabalaza, zina zinatulukira pa zenera losweka lija n'kubalalika pabwalo ponse kufunafuna chilichonse chopuma.

Galu anathawira kumunda akulira. Nkhuku zinabalalika, zina zikugwa m'njira. Pa mtengo wa pichesi panali pomangidwa mbuzi yaikazi, yabere, imene malume ake omwewo anam'patsa Sungeni kuti ikhale yake. Ankaimangirira chifukwa inali isanazolowere pakhomopo. Mbuziyo inadumpha, inakoka chingwe, inazungulira mtengo mpaka chingwe chinafupika, koma inalibe kothawira.

Ndinathamangira pa chipata njuchi zikundiluma m'khosi ndi m'manja. Ndinamugwira Sungeni pa mkono, ndinamukokera m'nyumba mwanga, ndinatseka chitseko n'kumufunditsa bulangete. Ndinayamba kupha zimene zinali m'tsitsi lake. Kenaka ndinakumbukira kamwana kaja.

"Mwana ali kuti?"

Ankangolira.

Ndinamugwedeza. "Sungeni! Ganizani ali kuti?"

"Ali m'nyumba... akugona."

Ana inu! Kamwana kosadziwa kanthu, kogona kuseri kwa katani, m'nyumba yodzaza njuchi zolusa. Ndinaviika bulangete lina mu ndowa, ndinazula udzu wa mpanda n'kuuyatsa kuti ufuke utsi, uku ndikukuwa kuti anthu abwere. Amuna awiri anabwera akuthamanga, koma atafika pa chipata njuchi zinawabweza. Wina anagwera mu ngalande. Tinayesa kuyandikira ndi utsi, koma mphepo inkaubwezera kwa ife. Ndipo pakati pa phokoso lonselo tinamva mawu ang'onoang'ono kuchokera m'nyumba. Ganizani anali atadzuka. Ankalira.

Nthawi yomweyo a Nangondo anatulukira pa njira, thumba la ufa lili pamutu. Anaima. Anaona utsi, anaona anthu akubisala, anaona chitseko chili pululu. Anamva kulira kuja. Thumba linagwa pansi n'kuphulika, ufa n'kumwazika pa msewu.

"Musalowe, mayi! Dikirani utsi! Tengani bulangete ili!" tinakuwa tonse.

Sanatimve n'komwe. Anadutsa pakati pathu n'kulowa m'chimtambo chija monga analiri, ndi bulauzi ndi chitenje basi.

Tinadikira. Kulira kwa mwana kunamveka kwambiri, kenaka kunamveka kotsekeka. Mbuzi ija inali ikulirabe pa mtengo, mawu ake akusasa. Sindikudziwa kuti panatenga nthawi yaitali bwanji, koma kwa ine zinali ngati tsiku lathunthu.

Kenaka anatuluka. Chitenje anali atachivula n'kukulunga mwana yense, mutu ndi miyendo yomwe, n'kumukumbatira pachifuwa atawerama. Iwo eni analibe chodziteteza nacho. Mpango unali utagwa. Mutu wawo, nkhope, khosi, mikono, zonse zinali zakuda ndi njuchi, ndipo sakanatha kuzipupuluza chifukwa manja onse awiri anali pa mwana. Ankayenda mwadzandidzandi, maso ali otseka, kutsata mawu athu.

Ndinawaponyera bulangete lonyowa lija n'kuwakokera m'nyumba mwanga. Titamumasula Ganizani tinapeza kuti zamuluma pang'ono chabe, pa khutu ndi pa mwendo. Ankalira mwamphamvu, ndipo kulira kumeneko kunatisangalatsa. Koma amayi ake anakhala pansi n'kutsamira khoma. Tinayamba kupala mbola ndi msana wa mpeni, koma zinali zosawerengeka, zili ndandanda ngati minga ya chitedze. Nkhope inatupa tikuona. Maso anatsekeka. Milomo inakhuthala. Kenaka mpweya wawo unayamba kulira ngati likhweru.

"Mwana... ali bwino?" anafunsa movutikira.

"Ali bwino, anzanga. Musalankhule."

Sungeni anali pakona atafunda bulangete, nkhope yakenso ili yotupa, akuyang'ana amayi ake akulephera kupuma. Anayamba kukwawa kuti awagwire dzanja.

"Khala pomwepo!" ndinamukalipira. "Uone bwinobwino. Usatembenuke. Ntchito yako ndi imeneyi."

Mnyamata wa kabaza anabwera ndi njinga yamoto. Tinawakweza a Nangondo pakati, ine kumbuyo nditawagwira m'chiuno kuti asagwe, mutu wawo ukugwedera pa phewa langa. Njira yonse ndinkawaitana dzina kuti asagone. Titafika kuchipatala anamwino anangowayang'ana kamodzi n'kuthamanga nawo. Anawabaya jakisoni, anawaika mpweya m'mphuno. Namwino wina anandiuza poyera kuti tikanachedwa pang'ono, tikanabwerera ndi maliro.

Tsopano imvani chimene chinandiwawa koposa. Nditabwerera kumudzi dzuwa litapendeka, ndinapeza a Dzonzi atafika kale, ndipo a Likongwe ali nawo, atanyamula mng'oma watsopano pa njinga ndi zovala zawo zofulira uchi. A Likongwe sanazengereze ayi, atangomva kuti m'nyumba ya mlongo wawo muli njuchi, ananyamuka nthawi yomweyo. Tsiku lomwelo! Mwanayo akanangokhala pansi n'kusewera ndi mlongo wake mpaka masana, njuchi zikanachoka m'nyumbamo popanda munthu ngakhale mmodzi wolumidwa.

A Likongwe analowa ndi utsi njuchi zitayamba kuzizira mtima. Zambiri zinali zitafa, chifukwa njuchi ikaluma imafa nayonso; zinali mbwee pabalaza, pabwalo, pansi pa mtengo wa pichesi. Zotsalazo anazisonkhanitsa mu mng'oma, koma anapukusa mutu n'kunena kuti sakudziwa ngati zipulumuke. Uchi wonse wa m'kabati, uchi umene ukanadzaza ndowa, unali utalowa mankhwala. Panalibe woulawa.

Mbuzi ija inali gone pansi pa mtengo, chingwe chitazungulira thunthu mpaka kumapeto, lilime lili kunja, mimba yake yabere ili tuu. Nkhuku zingapo zinali zitafera m'mphepete mwa mpanda.

A Dzonzi sanamumenye Sungeni. Ena ankati amukwapule, koma iwo anangomuitana n'kumuimika patsogolo pawo.

"Ndinakuuza chiyani?"

"Munati ndisatsegule, ababa."

"Amayi ako anakuuza chiyani?"

"Anati ndisayandikireko."

"Nanga unatsegulira chiyani?"

"Ndimafuna kukuthandizani..."

"Kundithandiza? Ndinakupempha? Amayi ako ali kuchipatala, sindikudziwa ngati ndikawapeze amoyo. Mlongo wako unamusiya m'nyumba, iwe n'kuthawa wekha, osatseka ngakhale chitseko. Thandizo lake ndi limenelo?" Analoza pansi pa mtengo. "Tenga khasu. Mbuziyo ndi yako, ukaikwirire wekha. Ukwirirenso uchiwo, agalu angadye."

Anakumba dzenjelo kuseri kwa khola, maso ali otupa, misozi ikutsikira pa khasu. Palibe amene anamulandira. Ine ndinaima pomwepo nditabereka Ganizani, ndipo ndikuuzeni zoona, chisoni chinandibwerera mochedwa kwambiri.

A Nangondo anachira, tithokoze Mulungu. Anabwerera kunyumba atawonda, khungu la kumaso likusupuka. Koma adokotala anawachenjeza kuti thupi lawo silidzapiriranso mbola, kuti ngakhale njuchi imodzi ikhoza kuwatseka mpweya. Mayi amene ankakonda dimba lake kuposa chilichonse anasiya kupitako nyemba ndi maungu zikachita maluwa. Kutchalitchi ankakhala kutali ndi zenera. Kachilombo kakangolira pafupi ndi khutu lawo, ankauma thupi lonse mpaka kadutse. Anakhala choncho moyo wawo wonse, chifukwa cha mwana amene ankayankha kuti ndamva asanamve.

Sungeni anasintha, inde. Anakula n'kukhala mayi wofatsa, ndipo lero ali ndi ana akeake. Koma kusintha kwake sikunadzutse mbuzi, ndipo sikunawabwezere amayi ake dimba lawo.

Ndiye ana inu, ndiyang'aneni kuno. M'nyumba mumalowa zinthu zambiri. Zina n'zoyenera kuphedwa, zina n'zongotulutsa panja, zina n'zoti muzithawe n'kukaitana akulu. Inu simunafike podziwa zonsezo, n'chifukwa chake muli ndi makolo. Mukapeza kanthu kamene simukukadziwa, musathamangire kukamenya, funsani. Ndipo munthu wamkulu akakuuzani kuti apa musakhudze, manja anu akhale kumbuyo, ngakhale mukuona ngati mukudziwa bwino kuposa iye. Mukachita makani, si inu nokha amene mudzalire. Amene adzalumidwe ndiwo amene amakukondani, chifukwa ndi amene adzalowe m'nyumbamo kukakonza zimene mwawononga.